Kuyeza kulimba kwa mafupa: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Dedza

Mayankho awa ndi a anthu amene auzidwa kuchipatala kuti mafupa awo afooka, komanso a ana ndi adzukulu amene akusamalira kholo lomwe lathyoka fupa pa kugwa kosati n'kugwa komwe. Madokotala amatchula matendawa kuti osteoporosis. Makina oyezera kulimba kwa mafupa amatchedwa DXA, ndipo ena amalemba DEXA.

Kodi kufooka kwa mafupa ndi nyamakazi yomwe ija?

Ayi. Nyamakazi imagwira molumikizirana mafupa, monga m'mawondo ndi m'zala, ndipo imapweteka. Kufooka kwa mafupa kumachitika mkati mwa fupa lenilenilo, ndipo munthu samva kanthu mpaka tsiku limene fupalo lathyoka.

Fupa ndi lamoyo. Thupi limakhalira kugumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Paubwana ndi paunyamata kumanga kumaposa kugumula, ndipo mafupa amafika pachimake cha kulimba kwake munthu akamayandikira zaka 30. Kuchoka apo amayamba kutsika pang'onopang'ono. Kwa amayi kutsikako kumathamanga akasiya kusamba, chifukwa mahomoni a estrogen amene ankateteza fupa amachepa. Pa zaka zimenezi mayi amatha kutaya pafupifupi 2 peresenti ya fupa la msana chaka chilichonse. Kunja fupa limaoneka lomwe lija, koma timizati ta mkati timapyapyala n'kumaduka, ngati phaso la denga limene chiswe chadya mkati n'kusiya khungwa.

Ngati sikupweteka, tidziwa bwanji?

Chizindikiro chachikulu ndi fupa lothyoka pa chifukwa chochepa. Munthu wa zaka 50 kapena kuposa akathyoka chifukwa choterereka pamjigo, kupunthwa pamzere m'munda wa kachewere, kapena kugwa potsika pabedi, nkhani isathere pa chikhakha. Afunsidwe chifukwa chimene fupalo lagonjera msanga chotero. Malo amene amathyoka kawirikawiri ndi mkono pafupi ndi dzanja, fupa la m'chiuno, mafupa a msana, ndi mkono chakumtunda pafupi ndi phewa.

A msana ndi amene amabisala. Fupa limaphwanyika n'kuphwa agogo akunyamula ndowa kapena akutsokomola kwambiri. Msana umawawa milungu ingapo n'kuzizira, ndipo pakhomo amangoti ndi ukalamba. Pafupifupi awiri mwa atatu a mafupa a msana othyoka motere safika podziwika kuchipatala.

Pali zimene mungaone muli pakhomo. Munthu akafupika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi msinkhu wake wa paunyamata, kapena masentimita 2 pakati pa miyeso iwiri ya kuchipatala, msana wake uyenera kujambulidwa. Muwaimike agogo atatsamira khoma, zidendene ndi matako zitagunda khomalo, akuyang'ana kutsogolo. Ngati nkhongo ikulephera kugunda khoma, msana wapindika. Kenako ikani zala m'mbali mwa mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Ngati mpatawo sukulowa zala zoposa ziwiri, n'kutheka kuti mafupa a msana wam'munsi aphwa. Zimenezi si umboni wa matenda, koma ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala.

DXA imayeza bwanji?

Munthu amagona chagada pa tebulo lathyathyathya. Pansi pa tebulolo pali chotulutsa cheza cha X-ray, ndipo pamwamba pamayenda mkono wa makina wolandira chezacho. Salowa m'mphako ayi, ndipo sabayidwa jakisoni. Makinawa amatulutsa cheza cha mphamvu ziwiri, yotsika ndi yokwera. Minofu ndi mafuta zimameza cheza chilichonse mosiyana ndi mmene fupa limamezera, choncho kompyuta imatha kuchotsera gawo la minofu n'kutsala ndi la fupa lokha. Zotsatira zimatuluka m'magalamu a mchere wa m'fupa pa sikweya sentimita.

Amayeza malo awiri. Oyamba ndi mafupa anayi a msana wam'munsi, amene papepala amalembedwa L1 mpaka L4. Poyeza apa miyendo imasanjikidwa pa chotsamira chachikulu kuti msana ugone mowongoka. Achiwiri ndi chiuno, makamaka khosi la fupa la ntchafu. Apa phazi amalimangirira ku kathabwa kuti mwendo utembenukire mkati madigiri 15 mpaka 25. Kumangako kumaoneka ngati kuvutitsa munthu chabe, koma mwendo ukatembenuka mosayenera nambala imasintha. Ngati msana kapena chiuno sizingayezedwe, mwachitsanzo muli zitsulo za opaleshoni mbali zonse, amayeza mkono umene munthu saugwiritsa ntchito kwambiri. Zonse zimatha m'mphindi 10 mpaka 20.

Musasokoneze DXA ndi kuyeza kwina kotchedwa bone scan. Kumeneko amabaya mankhwala m'mtsempha pofufuza khansa kapena matenda ena a m'mafupa, ndipo sikunena za kulimba kwa fupa.

Ndikonzekere bwanji?

Idyani monga mwa masiku onse. Mapiritsi a kashiamu okha ndi amene muwasiye kwa maola 24, chifukwa piritsi losasungunuka likakhala m'matumbo moyang'anizana ndi msana, makina amaliwerenga ngati fupa. Ngati mwamwetsedwa barium (mankhwala omwa pojambula X-ray ya m'mimba) kapena mwabayidwa mankhwala owalitsa pojambula CT posachedwa, nenani. Nthawi zambiri amakudikiritsani sabata imodzi kapena ziwiri.

Valani zopanda zipi, mabatani achitsulo kapena lamba. Chimene amayi ambiri amaiwala ndi mikanda ya m'chiuno. Imakhala ndendende pamalo amene makina akuyeza, ndipo ya galasi imaoneka pachithunzi. Ivuleni kunyumba kuti musachite manyazi m'chipinda choyezera. Chimodzimodzi ndalama zachitsulo ndi makiyi zomangidwa pa mfundo ya chitenje, ngowe za bra, ndi foni yoikidwa pachifuwa. Ngati muli ndi pakati kapena mukukayikira, nenani musanagone patebulo. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake.

Chezacho sichiwononga thupi?

Ndi chochepa kwambiri, chochepera cha X-ray imodzi ya pachifuwa. Chimafanana ndi cheza chimene munthu aliyense amalandira kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa tsiku limodzi. N'chifukwa chake woyeza nthawi zambiri amakhala m'chipinda chomwecho.

Papepala palembedwa T-score ndi Z-score. Ndiwerenge iti?

T-score imayerekeza fupa lanu ndi la munthu wathanzi wa zaka za m'ma 20, pamene mafupa ali pachimake. Malire ake anakhazikitsidwa ndi bungwe la WHO mu 1994. T-score ya -1.0 kapena kukwererapo ndi fupa labwino. Pakati pa -1.0 ndi -2.5 fupa layamba kuchepa, zimene amazitcha osteopenia. Ikafika -2.5 kapena kutsikirapo, ndi osteoporosis. Kutsika ndi sitepe imodzi, monga kuchoka pa -1.0 kufika pa -2.0, kumatanthauza kuti fupa lachepa ndi 10 mpaka 12 peresenti, ndipo chiopsezo chothyoka chimawirikiza pafupifupi kawiri.

Manambala okhala ndi kamzere kutsogolo amasokoneza ambiri. Kumbukirani kuti -2.7 ndi woipa kuposa -1.9. Tiyerekeze kuti mayi wa zaka 66 walandira pepala lonena kuti msana -2.7, khosi la fupa la ntchafu -1.9, chiuno chonse -1.6. Dokotala amatenga nambala yotsikitsitsa mwa zitatuzi, ndiye kuti mayiyu ali ndi osteoporosis ngakhale chiuno chake chikuoneka bwinoko. Mapepala ena amasonyezanso nambala ya kamalo kotchedwa Ward's. Imeneyo nthawi zambiri imakhala yotsika mochititsa mantha, koma siigwiritsidwa ntchito pogamula matenda.

Z-score imakuyerekezani ndi anzanu a zaka zofanana ndi zanu. Ndi imene imawerengedwa kwa amayi amene sanasiye kusamba, abambo osakwana zaka 50, ndi ana. Ikakhala -2.0 kapena kutsikirapo, fupa ndi lochepa kuposa mmene liyenera kukhalira pa msinkhuwo, ndipo ntchito imakhala yofufuza chimene chikulidya.

Dziwaninso kuti muyeso wa chiuno umene makina ambiri amayerekezera nawo unachokera kwa amayi achizungu a ku America a zaka 20 mpaka 29, m'kafukufuku wa NHANES III. Kale kunali chikhulupiriro chakuti anthu akuda sadwala matendawa. Kafukufuku wa ku South Africa anasonyeza kuti amayi akuda amakhala ndi fupa la m'chiuno lolimbirapo, koma la msana silisiyana kwenikweni ndi la azungu. Chiuno chooneka bwino chisakupusitseni ngati msana sunaonedwe.

Ndinajambulidwa X-ray pa chipatala cha boma ndipo anati mafupa ali bwino. Sizokwanira?

Pa funso la kulimba kwa fupa, ayi. X-ray wamba imayamba kuonetsa kuti fupa lapyapyala pamene 30 peresenti kapena kuposa yapita kale. Komanso kuwala kwa chithunzi kumadalira mmene wojambula anatcherera makina ndi kunenepa kwa munthu. Chithunzi chooneka bwino sichitsimikiza kuti fupa ndi lolimba.

Komabe X-ray ya pa Dedza kapena pa Ntcheu ili ndi ntchito yaikulu imene anthu amaipeputsa. Chithunzi cha msana chojambulidwa cham'mbali chimaonetsa mafupa amene aphwa. Fupa la msana likatsika ndi 20 peresenti ya kutalika kwake kapena kuposa, limawerengedwa kuti lathyoka. Kwa munthu wachikulire amene sanachite ngozi, chithunzi chimenecho chimauza dokotala zambiri kuposa T-score.

Nanga makina oyeza pachidendene, ndi aja amayenda nawo amalonda?

Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makina a ultrasound oyeza chidendene ndi enieni. Alibe cheza, amanyamulika, ndipo kwa okalamba amathandiza kusankha amene ali pachiopsezo. Koma nambala yake siingagwiritsidwe ntchito ndi malire a WHO aja, ndiponso siingasonyeze ngati mankhwala akugwira ntchito. Chidendene chikatuluka chotsika, pitani mukaonedwe bwino. Chikatuluka chabwino koma munathyokapo kale, musachikhulupirire.

Aja ofumbatitsa kachitsulo m'manja, laputopu n'kutulutsa mndandanda wa matenda a chiwindi, impso ndi mafupa m'mphindi imodzi, sayeza fupa m'pang'ono pomwe. Mudzaona kuti aliyense woyezedwa amapezeka kuti kashiamu wachepa, ndipo botolo la mankhwala ake limakhala lili kale m'chikwama cha woyezayo. Ndalama imeneyo ndi bwino ikhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Ndani ayenera kuyezedwa?

Malangizo a m'mayiko ambiri amati amayi onse a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi abambo a zaka 70 kupita m'tsogolo. Ocheperapo msinkhu amayezedwa ngati pali chifukwa: anathyokapo pa kugwa kochepa, kholo lawo linathyoka chiuno, anasiya kusamba asanakwane zaka 45 kapena anachotsedwa mabasiketi a mazira, ndi owonda kwambiri, amasuta fodya, kapena amamwa mowa tsiku ndi tsiku, kachasu ndi masese zomwe.

Mankhwala ena amadya fupa. Woyamba ndi prednisolone, akamwedwa mamiligalamu 5 kapena kuposa tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Pano pali vuto lenileni, chifukwa anthu a mphumu ndi nyamakazi amagula okha prednisolone kapena dexamethasone n'kumamwa zaka, poti amachotsa ululu msanga. Musawasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero n'koopsa. Kuchipatala amawatsitsa pang'onopang'ono. Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amafulumizitsa kuwonongeka kwa vitamini D m'chiwindi. Matenda a chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, a impso, a shuga, ndi nyamakazi yotupitsa mfundo nawonso amafooketsa mafupa.

Ndimamwa ma ARV. Ndamva kuti amafooketsa mafupa. Ndisiye?

Musasiye. Kachilombo kosagonjetsedwa kamawononga thupi lonse kuposa mankhwala. Zoona zake ndi izi: munthu akayamba ma ARV fupa limatsika ndi 2 mpaka 6 peresenti m'chaka choyamba kapena ziwiri, kenako limakhazikika. Kutsikako kumakulirapo ndi tenofovir, amene ali m'piritsi la TLD, lija limadziwika kuti 13A, lomwe anthu ambiri m'Malawi muno akhala akumwa kuyambira 2019. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti amayi amene ali ndi HIV ayezedwe akasiya kusamba, ndipo abambo akafika zaka 50. Ngati mwathyoka pa kugwa kochepa kapena impso zayamba kuvuta, auzeni a ku kiliniki ya ma ARV. Atha kukusinthirani ku mankhwala okhala ndi abacavir.

Chenjezo limene ambiri sauzidwa: kashiamu amagwira dolutegravir, mankhwala ena a m'piritsi la TLD, m'mimba n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Ngati mwapatsidwa mapiritsi a kashiamu, imwani TLD maola awiri musanamwe kashiamu kapena maola 6 mutamwa. Zingamwedwe limodzi pokhapokha ngati mukumwera pa chakudya.

Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi kuyamwitsa, bwanji?

Zonse ziwiri zimatsitsa fupa kwa kanthawi, ndipo limabwerera kwambiri mayi akasiya jakisoni kapena akaletsa mwana kuyamwa. WHO siiletsa jakisoniyu kwa amayi a zaka 18 mpaka 45. Wopitirira zaka 45, kapena amene akumwanso tenofovir kapena prednisolone, akambirane ndi anamwino za njira ina. Mayi woyamwitsa asathamangire DXA, chifukwa nambala ya nthawi imeneyo si yake yeniyeni.

Kodi DXA imatha kunama?

Imatha, ndipo kawirikawiri imanama mokometsa. Msana wa munthu amene wasenza nkhuni ndi matumba a mbatata moyo wake wonse umamera timinga ta fupa m'mbali. Makina amawerenga timingati ngati fupa lolimba, ndipo T-score ya msana imakwera. Fupa lophwa nalonso limaoneka lothithikana, ndiye limapereka nambala yabwino pamalo pamene pali vuto. Mtsempha waukulu wa magazi wodutsa kutsogolo kwa msana ukauma ndi kashiamu umachitanso chimodzimodzi. Wowerenga wodziwa amayang'ana chithunzi, osati nambala yokha. Fupa limene T-score yake yasiyana ndi loyandikana nalo ndi sitepe yoposa imodzi amalichotsa pa chiwerengero, koma payenera kutsala mafupa osachepera awiri. Kwa okalamba kwambiri nambala ya chiuno ndi imene imadalirika.

Makinawa sapezeka pa zipatala za m'maboma. Tidikire mpaka tidzawapeze?

Apa m'pamene mabanja ambiri amataya nthawi. DXA ndi yosowa m'dziko muno, ndipo musanakwere minibasi ya makilomita pafupifupi 85 kupita ku Lilongwe, dokotala amene akukutumizani atsimikize kumene makina ali ndiponso ngati akugwira ntchito. Koma munthu wachikulire amene wathyoka chiuno kapena msana pa kugwa kochepa safunika DXA kuti ayambe chithandizo. Kuthyokako ndi umboni wokwanira. Anthu ambiri othyoka motere amakhala ndi T-score yosafika n'komwe pa -2.5, ndipo chiopsezo chothyokanso chimakhala chachikulu kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira. Fupa la m'chiuno si la masewera: mwa okalamba asanu othyoka pamenepa, mmodzi kapena kuposa amamwalira chaka chisanathe, makamaka chifukwa cha chibayo, zilonda ndi kuundana kwa magazi zobwera ndi kugona nthawi yaitali.

Palinso chowerengera cha pa intaneti chotchedwa FRAX, chimene chinatulutsidwa ndi yunivesite ya Sheffield mu 2008. Dokotala amalowetsa zaka, kulemera, msinkhu ndi mayankho a mafunso a fodya, mowa, prednisolone ndi mbiri ya kuthyoka, ndipo chimapereka chiopsezo chothyoka m'zaka 10 zikubwerazi. Chimagwira ntchito ngakhale popanda nambala ya DXA.

Chimene sichiyenera kudumphidwa ndi kufufuza matenda ena. Kuno kwathu fupa la msana lophwa likhoza kukhala TB ya msana. TB nthawi zambiri imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi kachichereche ka pakati pawo, ndipo munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, msana n'kutuluka kalinunda kosongoka. Osteoporosis imasiya kachicherecheko kali bwino. Khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) ndi ya m'mawere nazonso zimaphwanya msana. N'chifukwa chake amayeza kuchuluka kwa magazi, impso, kashiamu, HIV, ndi chithokomiro ngati n'kotheka. Ngati miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukutuluka wokha, pitani tsiku lomwelo.

Akapeza matendawa, chithandizo chake n'chotani?

Mankhwala ofala ndi alendronate wa mamiligalamu 70, kamodzi pa sabata. Amamwedwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okha, osati tiyi kapena thobwa. Mukamwa khalani tsonga kapena imirirani kwa mphindi 30, osadya kanthu, osagona, ndipo osapita kukawerama ndi khasu. Piritsili likabwerera kummero limapsereza, ndipo likakumana ndi chakudya silimalowa m'thupi. Amene sangathe zimenezi amapatsidwa zoledronic acid wa mamiligalamu 5 m'diripi kamodzi pa chaka. Onse awiri safuna impso zofooka kwambiri kapena kashiamu wotsika m'magazi, ndipo dzino lofunika kuzula lizulidwe mankhwala asanayambe. Patatha zaka 5 za mapiritsi kapena zitatu za diripi, dokotala amaonanso ngati n'koyenera kupumira.

Mankhwalawa amafuna zomangira. Munthu wachikulire amafunika kashiamu wokwana mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200 pa tsiku. Kapu ya mkaka kapena chambiko ya mamililita 250 imapereka pafupifupi 300. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wambiri, ndipo kudula mitu n'kutaya phindu. Bonongwe, nkhwani, mpiru ndi phala la mawere zimawonjezera. Nsima ya ufa woyera ili ndi wochepa kwambiri. Vitamini D amachokera ku dzuwa, ndipo agogo amene amakhala m'nyumba atafunda bulangete nyengo yonse yozizira ya kuno ku Dedza angafunike mapiritsi ake. Kuyenda ndi ntchito zopepuka zimasunga fupa ndi minofu. Zopewa ndi kusenza katundu wolemera ndi kuwerama mopotoza msana. Konzaninso njira ya kuchimbudzi, ikani tochi pafupi ndi pogona, ndipo maso a ng'ala akaonedwe, chifukwa mafupa ambiri amathyoka munthu atagwa.

Ndibwerezenso liti?

Chaka chisanathe palibe phindu, kupatula kwa amene akumwa prednisolone wambiri. Kwa amene ali pa mankhwala, pakadutse chaka chimodzi kapena ziwiri. Amene fupa lawo linatuluka labwino ndipo palibe chasintha atha kudikira zaka zambiri. Fupa limasintha mochedwa, ndipo makina ali ndi kulakwitsa kwawo, choncho kusintha kosafika 3 mpaka 5 peresenti kumawerengedwa kuti palibe chachitika. Nambala ikakhala pomwe paja munthu ali pa alendronate, ndiye kuti mankhwala akugwira.

Bwererani ku makina omwe aja. Makina a kampani ya Hologic ndi a kampani ya GE Lunar amapereka manambala osiyana kwa munthu mmodzi tsiku lomwelo, ndiye kuyerekeza pepala la uku ndi la uko kumasokeretsa. Poyerekeza amagwiritsa ntchito magalamu pa sikweya sentimita, osati T-score. Choncho sungani pepala lonse lokhala ndi zithunzi, mulijambule pafoni, ndipo muwapemphe alembe m'buku la kuchipatala tsiku, mtundu wa makina, ndi mbali ya chiuno imene anayeza.